Mutu 5: Nyimbo Imene Inatchula Eness

1. Chipinda cha matepi

Ku Kabwata, kuseri kwa msika, kuli kanyumba ka njerwa zofiira kamene anthu ambiri amangokadutsa. Pakhomo pake pali chikwangwani chosuluka ndi dzuwa cholembedwa kuti Nyumba ya Mawu Akale. M'katimo muli ng'oma zisanu, madengu, zithunzi za Lusaka akadali tchire, ndi makatoni khumi ndi anayi a matepi.

Matepiwo anawajambula mphunzitsi wina amene ankayenda pa njinga m'midzi ya ku Katete ndi ku Chadiza m'chaka cha 1969. Iye atamwalira, ana ake anawapereka ku nyumbayi.

Thandazani Mbewe, mtsikana wa Giredi 11, ankabwera kuno Lachitatu ndi Lachisanu akaweruka kusukulu. Ntchito yake inali yosamutsa mawu a m'matepi kuwaika m'kompyuta, komanso kuyang'anira tsamba la nyumbayi pa Fesibuku. Amene anamupatsa ntchitoyi ndi Ba Nsofwa, osunga nyumbayi, bambo a ku Luapula amene anagwira ntchito pa wailesi mpaka kupuma. Iwo foni ankaidziwa poimba ndi poyankha basi.

Tsambalo silinkayenda. Thandazani akaikapo chithunzi cha ng'oma, ochikonda ankakhala atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo anali amayi ake. Alendo nawonso sankabwera. Masiku ena buku la alendo linkagona sabata yathunthu osatsegulidwa.

Koma chipinda cha matepi Thandazani ankachikonda. Akavala zomvera m'makutu n'kutseka maso, Kabwata ankasungunuka pang'onopang'ono. Mahutala a maminibasi ankapita kutali. M'malo mwake munkabwera tambala, mphepo ya m'mitengo ya mango, mwana akutsokomola, ndi anthu akuseka m'mudzi umene iye sanauonepo. Akatsegula maso ankaona m'maganizo mwake mzere wa anthu utachokera pakhomo mpaka kumsewu, onse akudikira kuti amve zimene iye wamva.

Lachisanu lina la mu Okutobala, m'katoni yachisanu ndi chinayi, anapeza tepi yolembedwa mawu awiri okha: *Amayi pamtondo*. Anaiika m'makina.

Du, du. Du, du. Misi iwiri inali kulandizana. Kenaka mawu a mtsikana anakwera, owala ngati madzi, ali ndi kuseka m'kati mwake:

*Eness wa a Davies, Eness wa ku Kagoro,*
*mbereko yako ili kuti?*
*Zaka zitatu ili m'dengu,*
*mbewa zaberekeramo ana.*

Amayi ena ankavomera kuti, *ili m'dengu, ili m'dengu*.

Thandazani anaseka yekha. Anaibwereza kanayi, phazi likugunda pansi. Anayang'ana chaka cholembedwa pa katoni n'kunena chamumtima kuti anthu onsewa anapita kalekale. Anadula kachigawo kakafupi, anaikapo chithunzi chakale cha amayi akusinja, ndipo analemba kuti: "Mverani mmene agogo athu ankanyodolerana mokoma! Bwerani ku Kabwata mudzamve zambiri."

Ba Nsofwa anali panja, akuwodzera pa mpando pansi pa mtengo. Thandazani sanawadzutse.

2. Nyimbo iyenda

Pofika Lolemba, anthu zikwi zisanu ndi zitatu anali ataimva. Pofika Lachisanu anali zikwi makumi atatu.

Atsikana ena a ku Woodlands anadzijambula akuvina, atanyamula madengu pamutu. Mnyamata wina wa ku Kabulonga anaiikira ng'oma za pakompyuta. Ku Kamwala, amayi ogulitsa zitenje ankaitanirana makasitomala ndi mawu akuti *ili m'dengu*. Kusukulu, anzake a Thandazani anayamba kumutcha "ba adimini", ndipo iye ankayenda ngati mapazi ake sakufika pansi.

Alendo anayamba kubwera. Lachitatu lotsatira kunafika anthu khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo aphunzitsi ena a ku Chilenje amene anafunsa ngati angabweretse kalasi lawo lonse. Ba Nsofwa anavala tayi. Anapukuta ng'oma zonse zisanu, ndipo pofotokozera alendo mawu awo ankamveka ngati a pa wailesi.

Alendo atapita, Thandazani anatsegula bokosi la mauthenga la tsambalo. Ambiri anali oyamikira. Umodzi unali wochokera kwa mtsikana wotchedwa Becky Miti, ndipo unalembedwa m'Chinyanja cha m'tauni:

"Imwe ba adimini, chosaniko iyi nyimbo. Eness uyo ni ambuya banga. Bali moyo, tinkala ku Chelstone. Bana baimba pa geti yatu mazuba onse. Pa Sande sibanayende ku tchetchi."

Thandazani anauwerenga kawiri. Anaika foni pa tebulo, kenaka anaitolanso n'kupita nayo kwa Ba Nsofwa.

3. Mawu a Ba Nsofwa

Ba Nsofwa anavala magalasi n'kuwerenga. Anapempha kuti amve nyimboyo, chifukwa mpaka tsikulo ankangodziwa kuti "ya pa foni" yabweretsa anthu. Itatha anamasula tayi pang'ono.

"Khala pansi, mwaiche," anatero. Ankamuitana choncho, kutanthauza mwana, monga amachitira kwawo.

Thandazani anakhala pa katoni.

"Ine si wa kum'mawa, koma nyimbo zoterezi ndazimva zambiri pa ntchito yanga. Pamtondo ndi pamene amayi ankatulutsira zimene sakanatha kunena pamaso pa amuna ndi apongozi. Ankatchulana mayina, inde. Ankabayana kwenikweni. Koma nyimboyo inkamveka pokhapo pamene musi ukumveka. Ukawoloka dambo, yatha. Ndiponso wotchulidwayo sanali kutali. Anali pomwepo ndi lichero lake, ndipo m'mawa mwake ankabwera ndi nyimbo yake yoyankha. Mphale ikauma, anthu aja ankapita kukatunga madzi limodzi.

"Iwe watenga mbali imodzi yokha n'kuiika pamalo pamene sipauma kanthu. Foni ilibe dambo, mwaiche. Mayi ameneyu akutukwanidwa ndi anthu amene sanamuonepo, ana obadwa dzulo, ndipo alibe poyankhira.

"Pa wailesi, tepi ikatchula dzina la munthu ndi mudzi wake, tinkayamba tafunsa. Nthawi zina kufunsako kunkatenga mwezi. Achinyamata ankadandaula kuti tikuchedwa. Koma zinthu za m'nyumba ngati ino si zathu. Tinangosungitsidwa. Munthu akaona chaka chakale pa katoni amaganiza kuti eni ake kulibe. Mayi amene anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pamene tepi iyi inkajambulidwa, lero akhoza kukhala pafupi nawe m'minibasi.

"Inenso ndalakwa. Ndinaona alendo, ndinathamangira tayi, osafunsa chimene chawabweretsa."

Thandazani anayang'ana pansi. "Ndiye ndiichotse?"

"Sindikulamula. Tsamba ndinakupatsa iwe. Ukaichotsa, mwina aphunzitsi a ku Chilenje aja sabweranso, ndipo usaganize kuti sindikuwafuna. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala pakhomo apa ndikuyang'ana kumsewu."

Anatuluka kukatseka mawindo.

Thandazani anatsegula tsambalo. Nambala inali itafika zikwi makumi asanu ndi ziwiri, ndipo ali chiyang'anire inakwera ndi atatu. Pansi pake wina anali atangolemba kuti, "Ikani ina, ba adimini!" Chala chake chinaima m'mwamba kwa kanthawi. Kenaka anadina pochotsera. Foni inafunsa ngati watsimikiza. Anadinanso.

Pamwamba pa tsambalo panabwerera chithunzi cha ng'oma chija.

"Ndachotsa," anatero Thandazani, Ba Nsofwa atalowa.

"Wachotsa yako. Nanga ya atsikana a madengu aja? Nanga ya mnyamata wa ng'oma?"

Thandazani anati, "Ndipita ku Chelstone Lachisanu."

"Utenge chitenje m'chikwama," anatero Ba Nsofwa. "Usakagwade ndi siketi ya sukulu."

4. Ulendo wa ku Chelstone

Lachisanu kunatentha kwambiri. Thandazani anakwera minibasi m'tauni n'kukhala pa windo. Mitengo ya jakaranda inali itayala maluwa m'mbali mwa msewu, ndipo galimoto zikadutsa maluwawo ankanyamuka pang'ono n'kukhalanso pansi.

Atadutsa Manda Hill, tulo tinamugwira. Injini inasanduka misi iwiri yolandizana. Anaona bwalo losesedwa bwino, nkhuku zikutola gaga, ndi mtsikana wa duku loyera ataima pambali ndi lichero. Thandazani ankayesa kuona nkhope yake, koma fumbi la chimanga linkaiphimba. Mtsikanayo anatsegula pakamwa ngati akufuna kuimba, koma sipanatuluke mawu.

*Ili m'dengu, ili m'dengu.*

Anadzidzimuka. Amene ankaimba anali kondakitala, akugunda chitseko ndi chala.

"Sisi, mwagona?" anatero kondakitalayo. "Tanki iyi. Kapena mufuna tikupelekeni ku Chongwe?"

Thandazani anatsika pa thanki yamadzi ya ku Chelstone. Anamanga chitenje pamwamba pa siketi n'kutsata njira imene Becky anamulembera. Pa geti yobiriwira panaima mtsikana wamkulupo kuposa iye, manja atapinda pachifuwa.

"Ndimwe ba adimini?" anafunsa Becky, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Nenze kuganiza ni muntu mukulu. Kansi ni mwana wa sukulu."

"Ndine Thandazani. Nyimbo ija ndinaichotsa Lachitatu."

"Naona. Manje bana ba pa geti mwabachosa?" Anatsegula geti. "Ngenani. Bakuyembekezani."

5. Amayi Eness

Pakhonde panali makina osokera akuda, ndipo kumbuyo kwake kunakhala mayi wachikulire wamfupi, wa magalasi okhuthala, tepi yoyezera ili m'khosi. Anali kusoka kolala ya yunifolomu. Becky anali atanena pochokera pa geti kuti ambuya ake anasoka zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ku Kamwala, ndipo mpaka pano sakhala tsiku osapalasa makina.

Thandazani anagwada. "Muli bwanji, ambuya?"

"Ndili bwino monga umandionera pa foni," anayankha Amayi Eness, osasiya kusoka. "Kwanu n'kuti?"

"Makolo anga ndi a ku Chadiza. Ine ndinabadwira ku Kabwata."

"Chinyanja chako n'cha m'buku. Ndiye nyimboyo unaimva bwinobwino. Sunganene kuti sunadziwe chimene ikunena."

"Ndinaimva, ambuya. Ndinaganiza kuti..."

"Kuti ndinafa. Nena, si tchimo." Amayi Eness anadula ulusi ndi mano. "Becky, mpatse mpando, maondo angatupe. Iwe, uli nayo? Osati ya ng'oma zopenga ija. Yeniyeniyo."

Thandazani anali nayo yonse m'foni. Anaiyatsa n'kuiika pa makina osokera.

Du, du. Du, du.

Amayi Eness anavula magalasi n'kutseka maso. Tambala atalira m'tepimo, milomo yawo inagwedezeka.

"Tambala uyo anali wathu," anatero motsitsa. "Wofiira. Amene akutsokomolayo ndi Chola, mwana wa a sitolo. Kunali mtengo wa mkuyu kumbuyo kwa nkhokwe, ndipo mphunzitsi uja anakhala pa muzu wake, makina ali pamiyendo. Ine ndili apo, kumanzere. Mukumva lichero? Ndine ameneyo."

Thandazani anatchera khutu. Pansi pa misi ndi kuseka panali kaphokoso kena kofewa, *tsa, tsa, tsa*, kamene sanakamve nthawi zonse zija.

Nyimbo itatha, Amayi Eness anavalanso magalasi.

"Woimbayo ndi Imelda, mlamu wanga, mlongo wawo wa a Davies. Mawu anali nawo, zimenezo sindingamumane. Tsiku limenelo sindinayankhe, chifukwa mtengwa sayankha mlamu pamaso pa mlendo. Ndinati mawa. Ndinaipeka yanga ndikutsuka mbale, ndipo inali yakuthwa kuposa yake. M'mawa mwake kunabwera kalata yoti a Davies apeza ntchito ku njanji. Tinamanga katundu. Kuno ku Lusaka tinapeza chigayo. Ukaimba pa chigayo akumva ndani?

"Mwana sindinabereke, n'zoona. Koma mbereko ija sinakhale m'dengu. Ndabereka ana asanu ndi awiri pamsana uwu, a abale anga ndi a abale a amuna anga. Mayi wake wa Becky uyu ndi mmodzi. Atatu mwa iwo ndi ana a Imelda yemweyo, pamene ukwati wake unatha. Kutchalitchi kwathu ana aang'ono sankadziwa n'komwe kuti sindinabereke. Tsopano akudziwa. Lamulungu ndinavala, ndinafika pa geti, ndinamva akuimba, ndinabwerera.

"Tamvera, mwanawe. Inu ana a masiku ano mukaona chinthu chakale mumati n'chokongola, mumachinyamula kukaonetsa anzanu. Simufunsa kuti chinalasa ndani. Chimene chikukusekesa iwe, wina anagona nacho ndi njala. Uzifunsa. Ngakhale pa katoni palembedwe chaka cha Nowa, uzifunsa."

"Pepani, ambuya," anatero Thandazani. Misozi inali itafika pachibwano. "Ndinaichotsa, ndipo sindidzaikanso."

"Wachotsa m'makutu mwa ndani? Lusaka yense wamva Imelda. Ukatseka pamenepa, ndiye kuti Imelda wapambana kawiri."

Becky anayang'ana ambuya ake. "Manje mufuna chani, ambuya?"

"Ndifuna kuyankha."

Thandazani anapukuta maso msanga n'kutola foni. "Ndikhoza kukujambulani pompano."

"Ika pansi chimenecho. Waona? Wayambanso kuthamanga." Amayi Eness anamuloza ndi sizasi. "Nyimbo ya pamtondo siimbidwa pa mpando. Ukapeze mtondo, chimanga chouma ndi misi iwiri. Loweruka la mawa lino ayi, linalo. Ndidzabwera ku Kabwata kwanuko. Udzajambula ndikakuuza, udzandimvetsa ndisanavomere, ndipo udzalemba dzina langa lonse, Eness Miti, kuti asadzati ndi Eness wina."

"Ndamva, ambuya. Koma musi wachiwiriwo ndi wa ndani? Wa a Becky?"

"Uyu? Angathyoke msana." Amayi Eness anatenga kansalu kotsala ndi choko chosokera, n'kuyamba kulembapo manambala. "Ndi wa Imelda."

Becky anatsegula pakamwa. "Ambuya! Ba Imelda simunakambe nabo kuchokela pa malilo ya ba shikulu ba Davies!"

"Zaka khumi ndi chimodzi. Ndikudziwa kuwerenga." Anapereka kansaluko kwa Thandazani. "Ali ku Emmasdale, kwa mwana wake wamkazi amene ndinalera ine. Nambala ya nyumba ndi imeneyo. Miyendo yake yafooka koma makutu ndi abwino. Pa foni usamuimbire, adzadula. Amene anatulutsa nyimbo ndiye akamuitane."

Thandazani anayang'ana manambala oyera pa kansalu kabuluu. Choko chinali chitayamba kale kumatirira ku zala zake.

"Ndikawauze chiyani?"

"Ukamuuze kuti Eness wapeta, watha, tsopano ndi nthawi yake yogwira musi."

Amayi Eness anaika kolala ija pansi pa singano n'kuponda chopalasira. Makina anayamba kulira. Thandazani atafika pa geti, anamva akumuitana.

"Iwe wa ku Kabwata!"

"Ambuya?"

"Usakamuuze kuti ndakhululuka. Sindinanene zimenezo."